Nambala Yanu ya Foni Ili ku Kamwala

Okondedwa amalume,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko, ndipo chisanu sichikukupwetekani m'mawondo. Kuno ku Chelstone tadzuka, kupatula amayi amene shuga akuwavutabe.

Za penshoni yanu, miyendo yanga yatopa. Ndalama zikulowa ndithu ku banki, koma kuti muzisamutsire kumeneko, banki imayamba yatumiza manambala achinsinsi ku foni yanu yakale. Poti munasiya kuigwiritsa ntchito, kampani ya mafoni inapatsa wina nambalayo.

Lachiwiri ndinaiimba. Anayankha mayi wina wogulitsa zitenje ku msika wa Kamwala, ndipo ndinapita kukamuona. Nditafotokoza kuti inu a Phiri ndinu m'bale wanga, anaseka. "Kanshi ndimwe bululu wa ba Phiri? Mwezi ulionse foni ilila ati penshoni yangena. Nimakondwela pang'ono, elo nakumbukila kuti si yanga."

Ndinamupempha kuti azitiuza manambalawo akafika. Anakana mwaulemu, akuti akuba amayamba choncho. Sindinamutsutse. Ku banki nako akuti nambala sasintha pokhapokha mwini wake atabwera yekha ndi chitupa. Nditati mwini wake ali kunja, wa pa kauntala anangoitana wotsatira.

Choncho musadalire ndalamazi pa mankhwala a mwezi uno. Manyazi achepe, muwauze zoona akamwini anu amene akukusunganiwo, ndipo muyambe kufunsa za basi yobwera kuno.

Mayi uja akupereka moni. Akuti uthengawo ukadzasiya kubwera, adzadziwa kuti kwagwa maliro.

Mulungu akusungeni, uthengawo uzibwerabe.

Ine mwana wa mlongo wanu,
Tisauke