Malata ali kutsidya, ine malungo andisiya mafupa

Aphungu,

Ndithandizeni msanga, nthawi yandithera. Ndine bambo wa ana atatu. Tinabwerako chaka chatha ku Zambia komwe tinathawira nkhondo, ndipo nyumba yathu tinaipeza itasanduka chulu, mtengo utamera pabalaza. Njerwa ndaumba, makoma ndakweza, koma pamwamba pakadali tenti yomwe tinachoka nayo kukampu. Dzinja lathali tinkagona chokhala, miphika pamiyendo kuwakha madontho. Ndiye ndinalumbira pamaso pa apongozi kuti mvula ya chaka chino idzapeza mkazi wanga Genoveva ali pansi pa malata.

Mwayi unabwera wokha. Asodzi a kunyanja ya Cahora Bassa akonza mpikisano wosambira pa fesita, chikondwerero cha tsiku la mtendere. Mudumpha m'bwato, muwoloka pomwe nyanja inalowa kumtunda, woyamba kugwira tsidya atenga malata okwanira nyumba. Ine ndinakulira m'mbali mwa Zambezi, anzanga ankanditcha Katumbu. Nditangomva ndinati basi, malata aja ndi anga, mpaka mitengo ya denga ndinadulilatu.

Kenaka malungo! Anandigwetsa mwezi wonse, ndinkayankhula ndi anthu omwe tinaika kale. Pano ndadzuka, koma buluku ndikumanga ndi luzi, ndipo popita kuchitsime ndimayamba ndakhala pansi panjira. Enfermero, namwino wa pachipatala chathu chaching'ono, anati, "Bambo, madzi anu ndi a m'kapu ndi a m'beseni basi." Tsoka lake Genoveva anali pomwepo. Chiyambire tsikulo wasanduka polisi.

Choncho ndimanyamula khasu ngati ndikupita kudimba, n'kukhotera kudzenje lomwe okumba golide analisiya. Madzi ake ndi ofiira, ndipo ndikangotambasula manja ndagunda kale khoma. Dzana ndinabwerera ndili psuu ngati njerwa. Genoveva anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, n'kuti, "Abambo a Cátia, kodi kudimbako mukumalima ndi makutu?"

Mlamu wanga Baltazar akuti vuto si mphamvu ayi, koma kuyandama. Akundimezetsa timatumba ta mpweya ta m'mimba mwa nsomba, tatiwisi, akuti nsomba simira chifukwa cha timeneti. Wandipezeranso zigubu ziwiri za mafuta a chithandizo zoti ndizimange m'chiuno, mkati mwa kabudula. Tinakayesa kudzenje kuja. Matako anayandama bwinobwino, mutu ndiwo unamira. Iye akuti tinangolakwitsa kamangidwe.

Aphungu, ndisaname, madzi aja ndikuwaopa. Koma ndikuopanso maso a mkazi wanga mitambo ikadzayamba kuda. Ndidye chiyani kuti mphamvu zibwerere fesita isanafike?

Z.P., Fíngoè

Bambo Z.P.,

Pepani ndi malungowo. Kalata yanu ndaseka nayo mpaka misozi, koma nditaipukuta ndaona kuti tikuseka pakhomo pa maliro.

Tiyambe ndi alamu anuwo. Nsomba simira chifukwa ndi nsomba, bambo. Mutameza timatumba todzaza dengu, chomwe mupeze ndi kutsegula m'mimba. Zigubuzo apatseni mayi azitungira madzi. Ndipo kudzenje la golide kuja musapondekonso. Makoma a maenje amenewo amagumuka osachenjeza, ndipo tsiku lomwe dzenjelo lidzakukwirireni anthu adzakakufunani kudimba, poti n'komwe mumatsanzika.

Chakudya chobwezera mphamvu msangamsanga kulibe. Malungo amamwa magazi, ndipo magazi amabwerera pang'onopang'ono. Pitaninso kwa enfermero uja akakuyezeni, ndipo mukamuuze zoona za mpikisanowu. Idyani nyemba, mazira, bonongwe, ndi nsomba yophika ngati anthu ena onse. Yendani tsiku lililonse, mukuwonjezera mtunda.

Tsiku lomwe mudzachoke kuchitsime ndi ndowa yodzaza n'kufika pakhomo osatula, enfermero n'kuvomera, ndiye mungayambe kuganiza zamadzi. Muyambire posaya, masana, kutsata gombe, munthu wa bwato ali pambali panu. Dziwe lofunda ndi nyanja ya mphepo si zimodzi. Asodziwo muwafunse komwe kumakhala ng'ona ndi mvuu, komanso ngati pampikisanopo pamakhala mabwato operekeza. Mukamva chizungulire, kuzizidwa kapena mtima kuthamanga, tulukani pomwepo, ngakhale atsikana onse a m'boma akukuimbirani nthungululu.

Mwina mwaona kale komwe ndikulowera. Munthu womanga buluku ndi luzi sangakwanitse zonsezi fesita isanafike. Chaka chino Katumbu akhale pamtunda, aziombera anzake m'manja. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo fesita imeneyi idzabweranso.

Za denga, mitengo mwati munadula kale. Kamweteni udzu m'madambo momwe moto sunafike, ndipo alamu omwe ali ndi nthawi yosakasaka matumbo a nsomba akwere pamwamba akufolereni. Denga la udzu lofolera bwino silidontha. Apongozi akusekani, inde, kenaka adzatopa. Genoveva mukhale naye pansi mumuuze za dzenje, za zigubu, ndi za manthawo.

Chenjerani, bambo. Mayi ameneyu anathawa nanu zipolopolo, napirira nanu njala ya kukampu, n'kubwerera nanu kwanu muli amoyo. Musamuveke zakuda tsiku lomwe dziko lonse likuvina mtendere.

Aphungu