Jekeseni ya achimwene a Lusiano yaleka kugwira

Amayi, kodi mwadzuka bwanji kumeneko? Kuno jekeseni ya TB yaleka kugwira ntchito m'thupi mwa achimwene a Lusiano. Adokotala andiuza Lachiwiri.

Zina zili bwino. Agnesi wabereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Kachewere wachita bwino, tagulitsa ku Linthipe, ngakhale nyemba za kudimba zinapsa ndi chisanu.

Mumati munanditumiza kusukulu kuti ndizikuuzani zoona, ndiye imvani zimene ndimaphunzitsa ana a Fomu 4. Thupi limamangidwa ndi tizipinda tosaoneka ndi maso, maselo. M'selo iliyonse muli tinthu tambirimbiri totchedwa maraibosomu. Iliyonse ili ndi zigawo ziwiri, chachikulu ndi chaching'ono, ngati mphero yanu ija ndi kamwala kake. Zigawozo n'zopangidwa ndi RNA ndi mapulotini. Koma mphero iyi sipera ayi, imalunzanitsa. Uthenga wa selo umadutsa pakati pa zigawozo ngati ulusi, n'kumatuluka mapulotini atsopano. Ikaima, moyo waima.

Kachilombo ka TB kalinso ndi mphero zake, zocheperapo kuposa zathu. Jekeseni imakakamira pa kamwala kakang'onoko, kachilombo n'kufa, munthu n'kutsala.

Achimwene anachoka m'chipatala mankhwala ali pakati, chifukwa cha m'meto wa maliro anu. Ndinawaletsa. Anati mwana woyamba satuma nthumwi kukameta m'malo mwake, ndipo chifuwa chinali chitaleka. Anameta, anakhalira mowa ndi gule, kenako mvula inagwa, anayamba kulima. Tizilombo tofooka tinali titafa kale. Totsalato ndi tija ta kamwala kosiyana pang'ono, pamene mankhwala sagwira. Taswana. Achimwene atabwerera kuchipatala, jekeseniyo yangowagonthetsa makutu, moti ndimawalembera pa sileti.

Sindikukunenani, amayi. Mwambo unayenda bwino, anthu anayamikira.

Mumakonda kunena kuti chakudza sichiimba ng'oma. Ichi chinaimba, chifuwa chitayambiranso tonse tinkachimva kuseri kwa nyumba m'mawa uliwonse. Mankhwala ena alipo, ndinawawerenga m'buku, koma kuno sanafike, ndipo masiku ano munthu safunsa mokweza chifukwa chake.

Akuwatulutsa Loweruka. Apempha kugona m'nyumba mwanu, poonekera phiri la Chongoni. Ana tiwasamutsira kwa Agnesi kuti asatengere. Sindikhulupirira kuti adzadya chimanga chimene anabzalacho.

Ndimakukondani monga kale. Ana awo ndidzawaphunzitsa ine, ndalonjeza. Inu konzani malo.

Ndine mwana wanu,
Velonika