Mfuti ya apongozi inali m'bilum

Toowoomba
20 Ogasiti 2017

Okondedwa achemwali Gewabing,

Landirani moni wanga. Kodi muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu ndi ana onse? Nanga bondo lija linkakuvutani pokwera phiri kupita kumunda wa khofi, lasiya? Ine kuno ndilipo ndithu, kungoti kukuzizira kwambiri. Mphepo ya mwezi uno imalowa mpaka m'mafupa, ndipo nyumba yakula chimwalirire mkazi wanga Noeline.

Kalata yanu ya chipepeso inandipeza. Pepani kuti ndachedwa kuyankha. Ndinkati ndikatenga cholembera, mawu n'kusowa. Mwana wathu Heather amaimba foni Lamulungu lililonse kuchokera ku Perth, ndipo ndimamuuza kuti ndikudya bwino. Magolovesi a mayi ake a kudimba akadali pampopi pomwe anawasiya. Sindinawachotse.

Ndili ndi nkhani imene sindinauze munthu, ndiponso pempho limodzi. Ndiyambire kutali pang'ono, chifukwa za apongozi anga, malemu bambo Clarrie, sindinakuuzenipo zonse.

Tsiku limene Noeline anakandionetsa kwao ku famu ya ku Dalby, mu 1976, bambo ake anandilandira bwino. Tinakhala patebulo, iwo n'kundifunsa kwathu. Nditatchula kuti Finschhafen, kuzilumba kwathu kuja, anaika foloko pansi, n'kutuluka panja. Sanabwererenso kudzamaliza chakudya. Kuyambira pamenepo ankangondigwedezera mutu, ndipo ndikalowa m'chipinda chimene ali, iwo ankapeza chochita kukhola. Tonse tinati vuto ndi khungu langa. Panalibe chifukwa china chimene tikanaganiza.

Mu 1995 anadwala sitiroko, pakamwa n'kupindika. Tinapita kukawaona kuchipatala. Atandiona anatambasula dzanja, n'kutulutsa liwu limodzi movutikira, kawiri. Noeline anamva kuti akuti "Sambo", lomwe ndi dzina lonyozera anthu akuda kuno. Inenso ndinamva chimodzimodzi. Noeline anandigwira mkono, n'kunditulutsa, akulira ndi mkwiyo. Sanapitenso kuchipatalako, ndipo bambo ake anamwalira sabata yotsatira.

Malemuwo anasiya kabokosi kachitsulo kokhoma, momwe ankasungamo mfuti ya m'manja imene anabwera nayo kuchokera kunkhondo. Chodabwitsa n'chakuti anasiyira Noeline, osati mwana wawo wamwamuna Daryl. Daryl zinamuwawa. Noeline naye sanafune n'komwe kukatsegula. Anakaponya kudenga la galaja, ndipo kanakhala komweko zaka zonsezi.

Tsopano boma kuno lalengeza kuti amene ali ndi mfuti yosalembetsa aipereke mwezi wa Seputembala usanathe, ndipo sadzaimbidwa mlandu. Ngati ili yamtengo, akhoza kuigulitsa kudzera kwa wogulitsa mfuti wachiphaso. Daryl atangomva anandiimbira. Chimwalirire mlongo wake anali asanaimbepo. Akuti alamu, tsitsani kabokosi kaja, mwakhalira chuma osadziwa. Akuti mfuti imeneyo ndi ya Jeremani, ya mtundu wa Luger, yopangidwa mu 1918, ndipo bambo ake anailanda kwa mkulu wa asilikali kuchipululu cha ku Iguputo. Daryl akuti anaiona ali mwana, ndipo nambala 18 inalembedwa pambali pake. Akuti zoterezi anthu osonkhanitsa mfuti zakale amalipira mpaka madola 4,000, ndipo anali atasankha kale boti loti akagule.

Lachitatu lapitali tinakanyamula kupita nako kwa bambo Lindsay, mkulu wina wogulitsa mfuti kuseri kwa siteshoni. Ndi wogontha khutu limodzi, choncho amalankhula ngati akuitana munthu kutsidya la mtsinje. Kiyi anatayika kalekale, ndiye anadula loko ndi chodulira.

Achemwali, atatsegula, chimene ndinayamba kuona si mfuti ayi. Mfutiyo inali m'kati mwa bilum, chikwama chija cha kwathu. Kabilum kakang'ono, koluka ndi chingwe cha khungwa chopota pantchafu, osati ulusi wa kusitolo wa masiku ano. Kukamwa kwake kuli mizere iwiri yofiirira yokhotakhota, ndipo chogwirira chake chinalumikizidwa mmene amayi ankalumikizira. Ndinamva ngati ndalowa m'khitchini mwathu. Daryl anakakoka ndi zala ziwiri n'kukaponya pambali. Akuti kameneko ndi kachikwama ka Aluya a ku Iguputo, bambo ankakakonda koma n'kachabechabe.

Bambo Lindsay anayamba aonetsetsa kuti mulibe chipolopolo. Kenako anaitembenuza uku ndi uku pansi pa nyali, n'kuyamba kuseka. Daryl anawafunsa kuti mukuseka chiyani, madala. Iwo anati, "Mnyamata, ngati uyu ndi Mjeremani, ndiye kuti anakulira pa mpunga."

Anatifotokozera kuti ambiri amasokoneza chifukwa ukaziona patali zimafanana. Koma ya Jeremani ukaikoka imapinda pamwamba ngati bondo, pomwe iyi ili ndi kachitsulo kozungulira kumbuyo kongokoka. Akuti ndi ya Japani, dzina lake Nambu. Timizere tomwe Daryl ankati ndi mokalika ndi dzimbiri, akuti ndi zilembo zawo.

Daryl sanagonje msanga. Analoza nambala ija, 18.6, n'kunena kuti nanga ichi, simukuona? Juni 1918! Akuti maso anu atha, madala, kavaleni magalasi ena. Bambo Lindsay anayankha kuti maso ali bwino, chavuta ndi kalendala. Akuti Ajapani sankawerenga zaka ngati ife, ankayambira pomwe mfumu yawo inalowa ufumu, ndiye pa 18 uyenera kuwonjezera 25. Mfutiyo inapangidwa mu Juni 1943. Nthawi imeneyo asilikali a kuchipululu anali atabwerako kale, moti sikanatheka kuchokera ku Iguputo.

Za mtengo, anati n'kutheka kupeza madola 1,400 chifukwa zitsulo zake zonse ndi zake zomwe, palibe chosinthidwa, koma dzimbiri ladya mbali imodzi. Daryl anati ndiye kuti boti lasanduka nkhafi. Bambo Lindsay anati nkhafinso ndi chiyambi.

Kenako anafunsa gulu limene apongozi anali. Daryl atatchula, iwo anagwedeza mutu. Akuti gulu limenelo litachoka kuchipululu linatumizidwa ku Lae, kenako ku Finschhafen ndi kuphiri la Sattelberg, kukamenyana ndi Ajapani kumapeto kwa 1943. Daryl anati inde, amayi ankanena kuti bambo anapitakonso kuzilumba ndipo anabwerako ndi chipsera pantchafu, koma iwo eni nkhani zawo zinali za chipululu basi. Ukafunsa za kuzilumba, ankatuluka panja.

Ankatuluka panja, achemwali. Monga anachitira tsiku lija patebulo.

Bambo Lindsay anandiyang'ana ine, n'kuyang'ana bilum, n'kundifunsa kuti kwanu n'kuti, bwanawe. Nditawauza, anavula magalasi. Kenako anati mfuti ikagulitsidwa pamodzi ndi kachikwama kake mtengo umakwera, chifukwa ogula amakonda chinthu chokhala ndi mbiri. Daryl anati basi, zipitire limodzi. Apo m'pamene ndinalankhula. Ndinamuuza kuti alamu, mfuti tengani, ndalama zonse zikhale zanu, ine sindikufunapo ngakhale senti. Koma ichi si cha Aluya, ndi cha kwathu, ndipo sichikugulitsidwa. Anayamba kunena kuti bokosi lonse ndi la bambo ake. Ndinayankha kuti bambo ake anasiyira Noeline, ndipo mwina ankadziwa chimene akuchita. Ananditcha wouma mutu ngati mlongo wake. Koma potuluka anatola kabilumko yekha n'kundipatsa m'manja, ndipo ulendo uno anakagwira bwino.

Nditafika kunyumba ndinakhala m'galimoto osatsika. Liwu lija la kuchipatala linabwerera m'makutu mwanga. Munthu wopindika pakamwa, lilime lolemera, dzanja atatambasula. Achemwali, ndikuganiza kuti sananene "Sambo". Ndikuganiza kuti anati "tambu", mmene kwathu mpongozi amaitanira mkamwini wake. Ine mwana wa ku Finsch, liwu limene ndalimva chibadwire, ndinalephera kulizindikira, chifukwa sindinkayembekeza kuti lingatuluke m'kamwa mwa mzungu wa ku Dalby. Khutu langa linali litakonzekera chipongwe kwa zaka zambiri, ndiye linamva chipongwe.

Sindikudziwa ngati ndikulondola. Mwina ndikungodzitonthoza. Sindikudziwa chimene anaona kwathu, kapena chimene anachita, choti dzina lokha la malo liwadzutse patebulo. Sindikudziwanso mmene anapezera mfutiyo. Koma inu mukudziwa kuti amayi athu sankangopatsa mlendo bilum yotere popanda chifukwa. Pali mayi wina wa kwathu amene anapota chingwechi pantchafu pake, n'kuchipereka kwa msilikali ameneyu. Iye anachisunga moyo wake wonse, n'kuchisiya m'nyumba imene muli munthu woti akhoza kuchizindikira.

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi Noeline. Anakhala ku Lae zaka zisanu akuphunzitsa, anali ndi mabilum ake khumi ndi kuposa. Akanangotsegula kabokosiko kamodzi, akanazindikira nthawi yomweyo. Anapita ali ndi chakukhosi ndi bambo ake chifukwa cha ine, ndipo kabokosiko kanali pamwamba pa galimoto yathu tsiku lililonse. Madzulo aja ndinalowa m'nyumba ndi nkhani yonse pakamwa, n'kupeza kuti palibe woti ndimuuze.

Dzulo ndinapita ku Dalby. Manda a apongozi ali kumapeto, pafupi ndi mpanda, ndipo udzu unali utamera. Ndinazula. Kenako ndinaimirira n'kuwayankha moni wawo uja m'chinenero chathu. Ndachedwa nawo zaka makumi awiri ndi ziwiri, koma ndayankha.

Pempho langa ndi ili. Ndaika zithunzi ziwiri za bilumyo m'kalata muno, china cha kukamwa kwake, china cha chogwirira. Chonde mupite nazo kwa azakhali Dabung maso awo akadaona. Iwo anali kamtsikana nthawi ya nkhondo, ndipo kalukidwe ka banja lililonse amakadziwa. Muwafunse ngati akuzindikira dzanja limeneli, komanso ngati akukumbukira za msilikali wamtali wa tsitsi lofiira, wovulala pantchafu, amene mwina anasungidwa kumudzi kwina kumapiriko. Musawakakamize. Akatopa, muwasiye, mudzapitenso tsiku lina.

Ngati banja la mayi amene analuka bilumyo lipezeka, ndikufuna ndidzaibweze ndekha pa Khirisimasi. Ngakhale lisapezeke, ndikuganiza zobwerabe. Papita zaka zambiri ndisanaponde kwathu, ndipo sindikudziwa ngati pali malo ogona nkhalamba ngati ine. Sindivuta, mkeka pakhonde ukwana. Pakadali pano ndaipachika pamsomali kuseri kwa chitseko cha khitchini, mmene amayi ankapachikira yawo.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa ana anu onse ndi zidzukulu, kwa amalume ndi banja lawo, ndiponso kwa abusa ndi mpingo wonse. Muwathokoze chifukwa cha mapemphero a pamaliro. Kwa azakhali moni wapadera. Akakufunsani kuti kodi mzungu ameneyu anali ndani, musatalikitse nkhani. Mungowauza kuti anali tambu wanga.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni nonse.

Ine mlongo wanu,
Yaling