Dzino la Lusiya ndi Pulayazi ya a Khamisi

Lolemba, 9 Epulo 1956

Lusiya, mlongo wanga wamng'ono, dzino labooka. Lam'kati, kumanzere. Bowo loti njere ya mapira n'kukhalamo bwinobwino. Tsaya ngati wabisamo mbatata. Kuchigafa wasiya kusoka fodya, akuti akaluma luzi m'khutu mumalira ng'oma.

Bambo alamula: likapanda kuleka pofika Loweruka, a Khamisi okonza njinga pa Simlemba adzazule. Pulayazi yake yomwe ija amapindira masipoko. Mwana kulira, mamina mbwee. Wandigwira kabudula: "Achimwene a Tsoka, musalole." Ine ndalumbira kuti sindilola. Pakamwa pangapa padzandiphetsa.

Lachiwiri, 10 Epulo

Aphunzitsi Aloyisi, aja anandithamangitsa Sitandade 2 chifukwa choyesezera kayendedwe kawo, ali ndi dzino lomata ndi chitsulo. Akuti anamata ndi dotolo wa ku Kabula. Ndawapempha ayasamule ndione. Ayasamuladi, poti amalinyadira kuposa akazi awo. Waliwali m'kamwamo. "Izi n'za ophunzira, iwe," atero.

Ophunzira chani! Kumata n'kumata. Ine ndamata ming'alu ya balani la fodya chaka chonse, utsi osadutsa.

Ndayamba ndi phula. Lalowa bwino. Lusiya wamwa madzi ozizira osalira. Ndine dotolo.

Lachitatu, 11 Epulo

Sindine dotolo.

Mayeso: chimanga chootcha. Kungoluma, phula laphwatalala. Kulumanso, wameza. Akufunsa ngati m'mimba mubadwa njuchi. Ndati zikabadwa tizifula uchi pamchombo. Waliranso.

Chofewa chimathawa. Ndiye cholimba. Dongo lapachulu, ndaumba kambulunga, ndaotcha pamoto wabalani mpaka psuu. Ndalowetsa. Mtedza wokazinga umodzi wokha: khuu! Mchenga wokhawokha m'kamwa.

Cholimba chimasweka. Nanga dzinolo limatani kuti lisathawe, lisasweke, chaka ndi chaka likugaya chimanga? Mulungu ndi mmisiri, koma zipangizo amabisa.

Masana Lusiya sanadye. Anangokhala pamthunzi, dzanja patsaya, kundiyang'ana. Nthabwala zinandithera.

Lachinayi, 12 Epulo

Bambo atumiza kale uthenga ku Simlemba.

Ndatola kachitsulo kobulungira ka m'gudumu la njinga. Kuwala kwake ngati ka aphunzitsi ndendende. Koma dotolo wanzeru amayamba wayesa yekha, osati pa mwana wa eni. Ndaika pa dzino langa, ndaluma ngati fisi.

Kachitsulo kali bwino. Sikanathawe, sikanasweke.

Chasweka ndi dzino.

Sindinauze munthu. Amayi: "Bwanji ukutafunira mbali imodzi ngati mbuzi yokalamba?" Ndati ndikupumitsa mbali inayo.

Lachisanu, 13 Epulo

Njira yomaliza: ulimbo wanga wa mbalame, wosakaniza ndi makala opera. Sufewetsa, suumitsa, ndipo ukagwira wagwira. Funsani mpheta.

Wagwiradi. Wagwira dzino lobooka, lapamwamba lake, ndi lilime lomwe. Lusiya kuti aitane amayi, kumangoti mmm. Amayi akuti ndimusiye choncho mpaka fodya atagulitsidwa.

Ndamutsegula ndi nsinjiro zamafuta. Kenaka mayeso: nzimbe. Waluma, wakoka. Nzimbe yatuluka ili ndi dzino! Lakangamira pomwepo ngati mbalame pamsampha. Magazi pang'ono chabe. Pansi pake kena koyera kayamba kale kusuzumira. Linali laubwana, amayi akuti limagwedera kuyambira mvula yoyamba. Nanga osanena!

Waliponya padenga, ndipo akuyenda atatseka pakamwa kuti khwangwala asaone, latsopano lingaleke kumera. Akuuza aliyense kuchigafa kuti achimwene ake amazula mano ndi nzimbe, osapweteka. Nzimbe yonseyo wamaliza. Ine ngakhale phala likulowa mopempha.

Loweruka, 14 Epulo

Tsaya langa mbatata ziwiri.

A Khamisi afika, thukuta kamukamu, pulayazi m'thumba la malaya. Bambo kupepesa kuti ntchito yatha yokha. Zikanathera pomwepo. Koma Lusiya, chifukwa chondikonda: "Langa latuluka, koma achimwene akumabuula kuseri kwa chigafa."

Bambo akuti munthu wapalasa mtunda wonsewu asabwerere chimanjamanja.

Ndikulemba izi nditabisala m'balani, pamwamba, pakati pa fodya. Utsi m'maso. Panja a Khamisi akuyesa pulayazi, kwetche kwetche, akuti si kanthu, dzulo lomweli achotsa msomali m'chiboda cha bulu.

Wina watsegula chitseko. Lusiya. Dzanja lina ulimbo, lina nzimbe. Akunong'ona: "Achimwene, musaope, ine sindilola. Tsikani muyasamule."

Kumanzere dotolo wa njinga, kumanja dotolo amene ndamuphunzitsa ndekha. Ndikuganiza zoti ndi...