Tsamba Lomulembapo Lazalo

Lachinayi, Febuluwale. Lero mtima wakhala pansi.

Gulu lathu la alimi a thonje linandipatsa buku lolembamo ovulala ndi omwalira pa ntchito ya kumunda, chifukwa a kukiliniki amafuna kudziwa. Dzulo mphwanga Lazalo anali kupopera mankhwala m'munda mwake ku Zemba. Kabowo ka pampu kanatsekeka, ndipo iye anakauzira ndi pakamwa, monga achitira ambiri kuno. Masana anagwa, thovu lili kukamwa. Tinapita naye kukiliniki pa ngolo. Bukulo sindinalitsegule, pakuti sindinadziwe tsamba lomulembapo.

Mmawa uno ndamupeza atakhala tsonga, akumwa phala. Wati, "Akulu, mwandilemba kale kwa akufa? Fufutani msanga, thonje langa musagawane."

Sindinaseke. Ndamuuza kuti munthu wa imvi sayamwa pampu ngati khanda. Anesi anena kuti atuluka Loweruka.

Ndamulemba pa tsamba la ovulala. Lamlungu ndidzaimirira pamaso pa gulu kuwaonetsa kutsegula kabowoko ndi kaudzu. Koma inenso ndakhala ndikuuzira zaka zonsezi, ndipo sindidziwa ngati ndidzawauza kuti...