Makompirimido a pamfundo ya amayi

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Beira kumeneko pamodzi ndi alamu. Ife kuno ku Lifidzi tilipo, koma amayi sakupeza bwino.

Chiseyeye chija chikuwatulutsabe magazi m'nkhama, ndipo zoyera zija zabweranso palilime ndi m'masaya. Lachiwiri ndinawakweza panjinga kupita nawo kuchipatala. Anamwino atawayang'ana m'kamwa anafunsa ngati ankamaliza makompirimido, mapiritsi aja amene ankawapatsa. Amayi anamasula mfundo ya nsalu yawo n'kuonetsa otsala.

"Zikangochepa ndimasiya, mwanangu," anatero. "Otsalawo ndimasunga ngati mbewu."

Anamwino anangopukusa mutu. Akuti tizilombo toyambitsa zoyerazo tawazolowera mankhwalawo, sitikuwamvanso, ndipo ena amphamvu mwina akapezeka ku Tete. Ine mfundoyo ndinkaiona tsiku ndi tsiku osafunsa.

Tsopano ngakhale phala akumeza movutika. Chimanga chachiwisi chimene ankachikonda chija akungochiyang'ana.

Chonde mufunseko kwa madokotala kumeneko, ndipo mubwere. Mulungu akusungeni. Mukaimba foni amayi n'kumangoti "eee", musaganize kuti akukwiyirani. Nkhani zoti akuuzeni ali nazo zambiri, koma m'kamwa mukuwawa.

Ndine mlongo wanu,
Rozita