Mwendo wa Kapitawo

Lolemba, 20 Meyi

Kapitawo kathyoka mwendo. Si chisoni chokha chimene ndili nacho ayi. Ndakwiya.

Amuna anga a Kefasi ndi ang'ono awo a Timoteyo akhala akudinda mabelo a fodya m'chigafa kuyambira m'mamawa. Ndinawauza ine, kawiri konse, kuti akamamasula jeke aziyang'ana pansi asanaponye mathabwa, chifukwa kamphaka kanga kamakonda kuyendera ntchito. Si ndiye chifukwa chake ndinakapatsa dzinalo? Kamazungulira m'chigafa mchira uli m'mwamba, kununkhiza belo lililonse ngati kapitawo wa kuesiteti. Koma atamasula belo lachitatu, a Kefasi anangoponya thabwa kumbuyo osacheuka n'komwe. Ine ndinali pakhonde, ndikuthothola mtedza. Kulira kwake ndinakumva mpaka m'mano.

Mwendo wakumbuyo ukungolendewera, ndipo pali bala. A Timoteyo akuti, "Alamu, musadandaule, kwathu wina wabereka anayi, ndikubweretserani awiri." Ngati ndataya supuni! A Kefasi anangotola thabwa lawo n'kupitiriza kudinda. Ngakhale kapepani kokha, ayi.

Kamphaka aka ndinakatola mu ngalande ya kumsika mu Febuluwale, maso asanatseguke bwino. Ndinakalera ndi mkaka wa pa supuni. Chipitire Yankho mwana wathu kusekondale yogonera komweko, m'nyumba muno amene amandiyankha ndikalankhula ndi Kapitawo. A Kefasi amayankha fodya.

Ndakagoneka m'katoni, pa chitenje changa chakale.

Lachiwiri, 21 Meyi

Ndinalawirira kudibi kukakumana ndi a Enoki, alangizi a ziweto. Ndinawapeza akubaya ng'ombe za anthu. Nditafotokoza, anayamba aseka kaye, kenaka atandiona kumaso anasiya. Akuti iwo mankhwala amene ali nawo ndi a ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba, agalu ndi pa katemera wa chiwewe basi. "Mphaka, mayi, chiyambire ntchito sindinamugwirepo." Ndinati ndiye pa chikwangwani chanucho muzilemba kuti ziweto zodyedwa zokha. Sanakwiye. Anandipatsa nambala ya adokotala ena a ziweto amene ali ndi kachipatala kawo ku Boma.

Ndinaimba pompo. Mayi ndithu, dzina lawo a Ivy, olankhula mwaulemu. Akuti mwendo wa kamphaka kakang'ono umalumikizika msanga, bola ndifike nako bala lisanawole. Koma kukagoneka tulo, kumanga mwendo ndi jekeseni, zonse K45,000. Kabaza pambali. Ndinachita kuwafunsa kawiri, ndimayesa netiweki.

Madzulo ndinawayandikira a Kefasi. Ndikudziwa kuti ali ndi ndalama m'thumba la jekete, zolipira galimoto yonyamula mabelo kupita ku okushoni. Ndinati andigawireko, fodya akagulidwa zidzabwerera pomwepo. Anayankha kuti chiyani? "Mayi a Yankho, mabelo agone pano chifukwa cha mphaka?" Basi. N'kutembenuka kumasanja ziguduli.

Mtedza wa chaka chatha makoswe anautheratu m'nyumba muno, iwo eni akudandaula tsiku ndi tsiku. Chibwerere Kapitawo, ngakhale ndi kakang'ono, fungo lokha makoswe anasamuka. Zimenezo aiwala. Thabwa anaponya okha, aiwalanso.

Anansi nawo abwera ndi nzeru zawo. Wina akuti ndiswe batire la tochi ndithire ufa wakuda uja pabala. Wina akuti oyilo wakutha wa m'chigayo. Ndawauza kuti ayambe athira pa miyendo yawo, ndione. Kapitawo sikalawa mankhwala a munthu wosaphunzira ntchitoyi. Ndatsuka balalo ndi madzi ofunda a mchere, kwatha.

Kakungolira. Mawu afika posasa.

Lachitatu, 22 Meyi

Lero ndi tsiku la banki mkhonde, ndipo ndikanadziwa ndikanangokhala pakhomo.

Sabata iliyonse, chaka chachinayi tsopano, ndimaponya yanga m'thumba la dzidzidzi. Sindinatapepo ngakhale kamodzi. Ndiye lero ndinaimirira n'kunena vuto langa bwinobwino. Kenaka wina kumbuyo anaphulika ndi chiseko, ena onse n'kulandira.

Apampando athu a Stelia anatsegula kabuku ka malamulo n'kuwerenga pang'onopang'ono, ngati ine sindidziwa kuwerenga. Thumba la dzidzidzi ndi la matenda ndi maliro a munthu wa pabanja. Ndinati chabwino, nanga mu Okutobala muja, mbuzi yanu itameza jumbo, ndalama yoitanira a Enoki inachokera thumba liti? Akuti imeneyo ndi nkhani ina, mbuzi ndi chuma. Ngongole nayo akuti atseka, tikuyandikira kugawana.

Chimene chandiwawa kwambiri si chimenecho. Ndikutuluka ndinamva wina akunong'ona, mokweza dala, "Mphaka wofunika dokotala ameneyo ndi mphaka weniweni?" Ndinabwerera. Ndinati amene wanena zimenezo aimirire, anene bwino kuti ine ndimaweta chiyani. Palibe anaimirira. Onse maso pa mphasa. Anthu amene timaimba nawo kwaya imodzi Lamulungu!

Ndafika kunyumba mutu ukuwaza. Ndikatenge panado pa shelefu, ndapeza kapepala kapunguka. Ndinagula ine Loweruka, ndinamwapo awiri okha. A Kefasi amenewo. Ndalama yothandizira kamphaka alibe, koma mankhwala anga ndiye kumwa osapempha, n'kusiya kachibenthu kosweka m'katimo ngati mwana. Sindinawafunse. Sitikulankhulana.

Chabwino chimodzi chokha lero. Kapitawo kasiya kulira. Ndabwera kumjigo m'mawa n'kukapeza katagona phee. Mwina ululu wayamba kuchepa.

Lachinayi, 23 Meyi

Ndagulitsa nkhuku ziwiri, thadzi langa lofungatira ndi lina, komanso ndowa ziwiri za mtedza umene ndinasankha wa mbewu. Venda wa pamphambano sikelo yake ndi yakuba, aliyense amadziwa, ndipo anaona yekha kuti ndili pa changu. Ndinamutukwana chamumtima, n'kulandira. Ndawonjezera ya mchere ndi sopo. Zakwana, ndi kabaza yemwe, koma pobwerera mwina ndiyenda theka la njira.

A Kefasi anaona nkhuku zikupita m'dengu. Anabwerera m'chigafa osandiletsa. Anachita bwino.

Madzulo. Kapitawo sikakudya. Ndakatafunira bonya, kangonunkhiza. Nkhope yatupa, zikhatho zakutsogolo nazonso zatupa, koma kumeneko thabwa silinakhudze. Kakupuma mothamanga ngati kathawa galu. Ndaimbira a Ivy, akuti ndifike m'mawa kwambiri.

Ambuye, ndi kamphaka chabe, ndikudziwa. Koma ndi kanga.

Lachisanu, 24 Meyi

Kapita.

Ndilembe zonse, mwina mtima ukhala pansi.

Wakabaza atamva kuti m'katoni muli mphaka anafuna kuwonjezera mtengo, akuti ndi tsoka kunyamula mphaka pa njinga. Ndinamuuza kuti tsoka lenileni aliona akandichedwetsa. Tinanyamuka. Njira yonse katoni ili pamiyendo, dzanja langa lili m'kati.

A Ivy ndi mayi wachichepere, wamfupi, wa magalasi. Sanaseke. Munthu woyamba sabata yonse ino amene sanaseke. Anafunsa dzina la kamphaka n'kulilemba pa khadi, Kapitawo, ngati munthu. Anayang'ana mwendo n'kunena kuti balalo ndalisamala bwino. Kenaka anakweza mlomo wake kuti aone nkhama. Anandiitana ndione. Sizinali zofiira ayi. Zinali zoderako ngati matope a m'dambo.

Anandifunsa, "Mayi, ndani wakapatsa panado?"

Ndinati palibe. Anafunsanso mofatsa. Ndinakwiya, ndinati ine ndakana batire, ndakana oyilo, ndagulitsa mbewu yanga kuti ndifike pano, ndiye mukundiyesa munthu wotani? Anandigwira pamkono. Anati anthu ambiri amachita zimenezi chifukwa cha chifundo, poganiza kuti chimene chimathandiza mwana chithandizanso chiweto. Koma thupi la mphaka silitha kuchotsa mankhwala amenewa. Amawononga magazi ndi chiwindi, ngakhale kachibenthu kakang'ono. Kutupa nkhope kuja, kupuma kuja, kusiya kulira kuja kumene ine ndinakondwera nako Lachitatu, zonse ndi zomwezo.

Ndinafunsa za mwendo. Anati, "Mwendowu tikanaumanga lero lomwe. Pakatha milungu inayi kakanayamba kuthamanga."

Anayesetsa, sindinganame. Anakabaya, anakathira madzi a m'botolo pansi pa khungu, anakafunditsa. Ndinakhala pa benchi mpaka dzuwa kupendeka. Cha m'ma 2 koloko kanatambasula miyendo yakutsogolo pa chitenje changa n'kusiya kupuma. A Ivy analandira ya mankhwala yokha, yotsalayo anandibwezera m'manja. Ndalama zimene ndavutikira masiku anayi. Ndinaziyang'ana, ndinafuna kuziponya panja.

Pobwerera ndinkangowerenga anthu m'mutu. Ndani analowa m'nyumba mwanga? A batire aja? Akazi a Timoteyo, amene amadziyesa anamwino chifukwa anasesako pachipatala? Ndimupeza. Ndimupeza ndithu, ndipo mudzi wonse udzamva dzina lake, ndi a banki mkhonde omwe.

A Kefasi anali pakhomo nditafika. Anayang'ana katoni, anayang'ana ine. Ndinawadutsa.

Loweruka, 25 Meyi

Ndinadzuka kuti ndikakumbe ndekha. Ndinapeza khasu palibe. Kuseri kwa chigafa, pansi pa mtengo wa mango, a Kefasi anali atakumba kale. Dzenje lakuya, la m'mbali mowongoka, osati lotayira zinyalala ayi. Pansi anayalapo chiguduli chatsopano, chimodzi cha zija amawerenga ngati ndalama.

Tinakaika ndi chitenje chomwe. Anakwirira okha, n'kubweretsa miyala kuti agalu asafukule. Ine ndinangoima, manja m'chiuno, mawu anga onse ndawakonza kale.

Atamaliza anatsamira khasu. Sanandiyang'ane. Anati, "Mayi a Yankho, thabwa lija ndinaponya ndine. Sindinagone nalo."

Ndinangoyang'ana miyala ija, iwo n'kupitiriza.

"Ndalama ija sindikanatha, mukudziwa, galimoto ikatisiya ndiye chaka chonse chapita. Koma sindinangokhala ayi. Kulira kuja kumandilasa. Lachitatu muli kumjigo ndinatenga panado wanu, ndinaswa pakati, n'kusungunula mu mkaka. Ndinakamwetsa ndi supuni yanu ija, monga munkachitira kali kakhanda. Lachinayi chimodzimodzi. Kanagona bwino, munaona nanunso. Ndinati bola kafike kwa adokotala kosamva ululu."

Ananena monyadirako pang'ono, ngati mwana woonetsa kope. Maso ali ofiira. Zaka makumi awiri ndi ziwiri za banja, bambo amenewa sindinawaonepo akugwira supuni kudyetsa chinthu chilichonse, ngakhale Yankho ali khanda.

Kachibenthu kosweka kaja m'kapepala. Ndinakaona ndi maso anga Lachitatu, n'kungowatukwana mumtima kuti akundithera mankhwala. Ndikanatsegula pakamwa tsiku limenelo n'kufunsa, mwina ka Lachinayi kaja sakanapereka. Koma ine ndinali wotanganidwa ndi kusalankhula.

Kenaka anandifunsa. "Nanga adokotala anati chavuta n'chiyani kwenikweni?"

Mawu onse amene ndinakonza pa kabaza dzulo anali pa lilime. Mudzi wonse udzamva dzina lake. Ndinawayang'ana manja, akuda bii ndi phula la fodya, atagwira mpini.

Ndinati, "Mwendo. Bala linalowa matenda."

Anagwedeza mutu nthawi yaitali. Anavula chipewa, anapukuta nacho kumaso, n'kupita kuchigafa kumene a Timoteyo anali atayamba kale kuitana.

Panado ndamuchotsa pa shelefu. Ali m'sutikesi, pansi pa zovala za kutchalitchi, pamodzi ndi kope lino. A Timoteyo akadzabwera ndi ana a mphaka awo aja, sindikudziwa kuti ndidzanena chiyani, kapena ndidzayambira pati.

Panopa ndili pakhonde, mtedza uli pamiyendo, sindinathothole ngakhale umodzi. Ndikuwaona m'chigafamo. Amasula jeke. A Kefasi anyamula thabwa kuti aponye kumbuyo, ndipo aima. Acheuka, ayang'ana pansi mbali iyi ndi iyo, pomwe palibe kanthu, kenaka alitsamiritsa pa nsanamira pang'onopang'ono.